Mawaya Ofiira a M'Pijo ya Bambo

Kanyama,
Lusaka.
Febuluwale, 1990.

Achimwene a Rodgers,

Moni wochokera kuno kwanu ku Kanyama. Ndikhulupirira kuti inu, alamu a Virginia ndi ana mukudzuka bwino kumeneko ku Francistown. Ine ndilipo. Amayi aliponso, koma sindinganene kuti ali bwino, ndipo mukamafika kumapeto kwa kalata ino mudziwa chifukwa chake.

Kuno mvula yatikwana. Madzi afika pakhomo la khitchini ndipo kuchimbudzi tikupita modumpha pa njerwa. Ufa tikugulabe ndi makuponi a boma, sopo kulibe, mafuta ophikira timangomva mphekesera kuti anaoneka m'masitolo a ku Kamwala. Zonsezi mukuzidziwa, ndi zomwe munathawa.

Kalata yanu inafika ndipo amayi aisunga m'Baibulo. Munalemba kuti mawaya a m'Pijo ya bambo asachotsedwe, tizingokonza pamene paduka, chifukwa mzungu wina wa kusukulu kwanu wakuuzani kuti galimoto zakale zotere zimalemekezeka zikakhala mmene zinachokera ku fakitale. Achimwene, mumuuze mzungu wanuyo abwere adzagwade m'matope muno, asuzumire pansi pa chiwongolero. Akapezamo waya wa ku fakitale ngakhale mmodzi, ndidzamuphera nkhuku.

Kapena mwaiwala. Bambo atapuma pantchito anabwera ndi mpukutu waukulu wa waya wofiira, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chikafa m'galimotomo ankachidzutsa ndi waya yemweyo. Wa nyali ndi wofiira. Wa hutala ndi wofiira. Wa mawaipa, wa sitata, onse ofiira. Tepi itasowa m'masitolo ankamanga ndi malegeni odula ku chubu cha njinga. Eni akewo ankadziwa pamtima kuti uyu wachokera kuti ndipo akupita kuti, koma sanauze munthu. Anapita nazo kumanda ku Chingwere zili m'mutu mwawo. Chikhalirecho madzi a dzinja akhala akulowa m'galimotomo mpaka pamipando chaka ndi chaka, ndipo mphira ya mawayawo yauma moti ukaikhudza imayoyoka m'manja.

Tsopano mverani zimene munalamula kuti tizikonza.

Mukudziwa kuti amayi amapita kuchipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi ndi kutupa kwa miyendo. Mvula ikagwa maminibasi salowa kuno, ndipo amayi sangayende pansi mpaka kumsewu waukulu. Galimoto imeneyi si chikumbutso kwa ife, achimwene. Ndiyo miyendo ya amayi.

Tsiku lawo lakuchipatala litakwana ndinawakweza kutsogolo n'kunyamuka. Titafika pafupi ndi msika mvula inayambiranso, ine n'kuyatsa mawaipa. Mawaipa sanagwedezeke. Hutala ndi amene anayamba kulira, osalekeza. Kenaka fungo la mphira yopsa, kenaka utsi wakuda kutuluka pansi pa dashibodi, mbali yomwe anakhala amayi.

Chitseko cha mbali imeneyo mukuchidziwa, chimatsegukira kunja kokha. Ndinalumphira m'madzi ofika m'mawondo, kuzungulira, kutsegula, koma miyendo ya amayi inakana kusuntha ndipo ndekha sindikanatha kuwanyamula. Mphira yosungunuka inali itayamba kudonthera pa chitenje chawo. Iwo sanakuwe. Ankangoitana dzina la Yesu motsitsa mawu, ngati akuopa kumudzutsa.

Ndinatsegula boneti n'kuzula waya wa batire ndi dzanja. Unali wotentha ngati mbaula. Mukaona zilembo zanga zikupendama musati ndaledzera, chikhatho changa chidakali chomangidwa nsanza.

Amene anatipulumutsa ndi amayi ogulitsa tomato. Anakhuthula mabeseni awo, kutunga madzi a mumsewu omwewo n'kumathira mkati mpaka utsi unatha. Mmodzi, akupukuta amayi kumaso, anandiuza kuti ba sisi, motoka yanu yayamba kukoka fodya paukalamba, muipereke kwa abusa. Amuna anaima pakhonde la sitolo manja m'matumba, kumafotokozerana kuti vinthu ivi vichitika mkazi akagwira chiwongolero. Wina ndinamuuza kuti pakamwa pake pakanakhala potunga madzi, moto ukanazima usanayambe. Anachita manyazi, n'kuitana anzake kuti atikankhe mpaka kunyumba. Kuchipatala sitinafikeko.

Mawa lake ndinatsegula kabokosi ka mafyuzi. Popeza inu mumaphunzitsa mbiri yakale, ndikuuzeni kuti fyuzi ndi kachinthu kamene kamayenera kupsa koyamba kuti galimoto yonse isapse. M'kabokosi ka bambo munalibe fyuzi ngakhale imodzi. Munali misomali yodula, chidutswa cha mpini wa supuni, ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Msomali supsa, achimwene. Umangokhala phee, kudikira kuti apse amayi anu.

Bambo sindikuwaimba mlandu. Mafyuzi anasowa m'dziko muno limodzi ndi sopo, ndipo iwo anachita zimene akanatha kuti tizikwera galimoto pamene anzathu ankayenda pansi. Koma iwo ankamva fungo lisanayambe, n'kudziwa waya woyenera kuzula. Ine ndikaona mawaya ofiira okhaokha, ndizule uti?

Ndinaitana a Kapambwe, aja amakonza magetsi a galimoto kumbuyo kwa msika wa Soweto. Anasuzumira, kuimba mluzu, n'kunena kuti anaonapo matumbo a mbuzi olongosoka kuposa pamenepa. Ati pamene papsa angathe kulumikiza n'kukulunga tepi, galimoto iyenda ndithu, koma asafunsidwe kuti mpaka liti. Nditawafunsa ngati angakwezemo amayi awo, anaseka, ati mwamwayi amayi awo amayenda bwinobwino pansi.

Ndinauza amayi kuti njira ndi imodzi yokha, kuchotsa mawaya onse n'kuika atsopano kuyambira kunyali zakutsogolo mpaka zakumbuyo. Iwo anatumiza mawu kwa amalume a Whyson ku Matero, ndipo amalume anabwera atavala jekete ngati kuli maliro ena.

Anakhala pampando wa bambo n'kundikumbutsa mwambo, kuti katundu wa malemu sasinthidwa, sagulitsidwa, saphwasulidwa, mpaka mwana wamkulu atabwera kudzagawa pamaso pa abale. Mwana wamkuluyo ndinu. Munachoka maliro atangotha, mukuti katundu mudzagawa patchuthi. Matchuthi abwera, apita. Masuti a bambo adakali m'sutikesi akudyedwa ndi njenjete, njinga yawo ili padenga, ndipo ine sindiloledwa kuchotsa msomali m'kabokosi ka mafyuzi chifukwa nawonso ndi katundu wa malemu.

Nditayesa kuwafotokozera mmene moto unayambira, amalume anandidula, ati iwo sangaphunzitsidwe ndi injiniya wa theka. Ndinawayankha kuti theka la injiniya ndi limene linazimitsa moto, nanga amalume athunthu anali kuti. Anaimirira n'kuuza amayi kuti mwana uyu sukulu inamuonongera pakamwa, ndiye chifukwa chake palibe mwamuna wabwera kudzagogoda. Ndinawaperekeza mpaka pageti n'kuwaonetsa njerwa zoti apondepo, kuopa kuti jekete lingadetsedwe.

Theka limenelo mukulidziwa kumene linachokera. Ndinasiya maphunziro a uinjiniya ku yunivesite chifukwa bambo anagona pansi nthawi imene inu munali mutangolandira kalata ya ntchito ya ku Botswana, ndipo panafunika wina wowatembenuza pabedi. Simunandikakamize, ndikudziwa. Munangokhala patebulo, kudikira kuti ndinene ndekha. Anzanga amene ndinkawathandiza masamu lero amandidutsa pagalimoto za kampani, ine ndili pamzere wa ufa. Zimenezo ndinameza. Koma zochepa zimene ndinaphunzirazo zikundikwanira kudziwa kuti tepi siichiritsa waya wowola.

Amalume atapita, amayi anandiitana n'kundiuza modekha kuti ndichite zimene Rodgers walemba. Ati bambo ako anayenda nayo galimotoyi mpaka kwathu ku Mchinji n'kubwerako osapsa. Ati waya aliyense amene ali mmenemo iwo anamuunikira ndi tochi bambo akumanga, nthawi zina akukangana, nthawi zina akuseka, ndipo manja a mwamuna wawo atsala mmenemo mokha. Ati ndiitane Kapambwe akulunge tepi, tsiku lina lakuchipatala likakwana adzakweranso, ndipo Mulungu amene anawasunga ulendo uja adzawasunganso.

Ndinawamvetsa, achimwene, musaganize kuti ndine mwala. Koma ndinaonanso bowo limene mphira inasiya pa chitenje chawo. Linali pamwamba penipeni pa bondo.

Lachinayi amayi a Chigwirizano cha kutchalitchi kwathu anasonkhana kwa a Sophia, aneba athu aja, ndipo anabwera kudzawatenga amayi mowagwiriza. Atangotuluka pageti ndinatenga chodulira mawaya cha bambo. Ndinayambira ku batire. Ndinadula onse, achimwene. A nyali, a hutala, a pansi pa dashibodi, amene ankapita kumbuyo kudzera pansi pa mpando, ndi ena amene sankapita kulikonse. Sindinasiye ndi mmodzi yemwe woti Kapambwe kapena munthu wina aliyense angalumikizepo. Chikhatho chinang'ambikanso koma sindinaleke mpaka galimoto inatsala yopanda kanthu.

Amayi pobwera anapeza mulu wofiira pakhonde. Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa, mayankho ndinali nawo kale pakamwa. Sanandipatse mpata. Anapempha a Sophia kuti awabweretsere kampando ndi beseni, n'kukhala pansi, kumatola waya mmodzimmodzi, kumupukuta matope, kumukulunga bwinobwino. Ngakhale malegeni anatola. Atamaliza anakaika zonse m'sutikesi ya bambo, pamwamba pa masuti.

Kuyambira tsiku limenelo sanandilankhulepo. Akafuna kanthu amauza a Sophia kuti muuzeni mtsikanayo, ine ndili pomwepo. Chakudya chimene ndaphika ine sakudya, a Sophia ndi amene akubweretsa m'mbale yovundikira. Mapiritsi ndikawapatsa amatembenukira kukhoma, ndikawasiya patebulo ndimawapeza pomwepo.

Tsiku lakuchipatala linakwananso. Ndinapita kukachonderera a Sampa, aja amayendetsa thiraki yopita kwanu kudzera ku Kazungula, ndipo anavomera kulowetsa thirakiyo m'madzi mpaka pageti pathu. Ine, amene sindinapemphepo munthu mchere, ndinagwada pakhomo pawo. Thiraki inabwera, inaima, inalira. Amayi anauza a Sophia kuti chilichonse chimene wakonza mtsikanayo iwo sakwera mpaka Rodgers atalankhula. A Sampa anadikira mpaka anatopa.

Miyendo tsopano yatupa kudutsa m'mawondo, khungu likuchita kunyezimira. Akagona chagada mpweya ukuwavuta, moti akugona chokhala, atatsamira khoma. Ndimamva kupuma kwawo ndili kuchipinda kwanga, koma ndikalowa amatseka maso.

Za mawaya sindikupepesa. Atameranso mawa, ndingawadulenso. Koma pali zinthu ziwiri zimene ine sindingathe, ndipo ndi inu nokha mungazithe.

Choyamba n'chapafupi. A Sampa ndi amene akubweretserani kalata ino ndipo abwerera akatsitsa katundu. Muwapatse mawaya a galimoto amitundu yosiyanasiyana, wakuda, wobiriwira, wachikasu, wabuluu, ena ochindikala ena opyapyala, pamodzi ndi mafyuzi enieni ndi tepi. Kumeneko masitolo ali ndi zinthu, musandiuze kuti mwasowa. Wogulitsa mukamuuza kuti ndi Pijo 404 adzadziwa. Ntchito yake ndigwira ndekha.

Chachiwiri ndi chimene chandichedwetsa kulemba, chifukwa ndikanakonda kuzulanso waya wa batire ndi dzanja linalo kusiyana n'kukupemphani. Lemberani amayi kalata yawoyawo, muimate, a Sophia adzawawerengera. Muwauze kuti mutamva za moto munasintha maganizo, ndipo ndinu munanditumizira mawu kuti ndichotse mawaya onse. Muwauze kuti monga mwana wamkulu mwalola kuti galimoto ikonzedwe katundu asanagawidwe. Muwauze amwe mankhwala, ndipo akwere chilichonse chimene chingawafikitse kuchipatala.

Ndi bodza, ndikudziwa. Mwanenapo ena aakulu kuposa limeneli, monga lija loti mubwera pa Khirisimasi. Limeneli lokha ndi limene lingathandize munthu.

Musataye nthawi kundilembera ine za ulemu ndi mwambo, amalume anamaliza kale mbali imeneyo. Mukadzabwera mudzandiweruze pamaso pa abale onse, ndidzakhala pansi pamphasa, ndipo mwina ndidzatseka pakamwa. Koma a Sampa asabwerere chimanjamanja. Akabwera opanda kalata ya amayi, yotsatira imene ndidzakulembereni simudzaikonda, ndipo simudzafunikanso kudikira tchuthi kuti mubwere.

Galimoto ikadzalira, Kanyama yense adzanena kuti Rodgers wakonza Pijo ya bambo ake ali ku Botswana, ndipo amayi adzaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu chifukwa cha mwana wawo wamwamuna. Tengani ulemu umenewo, sindidzatsutsa. Ine ndingofuna akwere.

Mupereke moni kwa alamu a Virginia ndi kwa ana, muwauze kuti azakhali awo sali olusa masiku onse. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni changu chimene sanakupatseni pobadwa.

Ndine mlongo wanu,
Elesi.