Mpanda wa Pamanda Panu

Amayi, kwacha bwanji kumene mwagonako? Kodi muli bwino?

Ndine Felista. Ndachedwa kukulemberani, ndipo sindinama kuti nthawi inandisowa. Ndinali ndi manyazi. Koma ndiyambe ndi zabwino.

M'bale wanga Agnesi anachira mwezi wa Epulo, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Rozina. Akamalira amakunga tinkhonya tiwiri ngati akufuna kumenya dziko lonse. Chimanga cha kumunda wa kumtunda chinakanika, koma nandolo wabereka mpaka nthambi kuwerama. Nthochi zanu za kuseri kwa khola zinagwidwa chisaka, tazizula zonse. Anzanu othyola tiyi ku esiteti akadali kukutchulani. Akuti chipitireni inu, palibe amene amatsogolera nyimbo pamzere.

Ine ndili chaka chachiwiri pa maphunziro anga a ntchito ya njanji. Zikhadabo zanga mukanaziona mukanandithamangitsa pa mbale, girisi wake sachoka ngakhale ndi mchenga. Amene amandiphunzitsa ndi a Saidi, bambo wachisilamu wa ku Bvumbwe, wosakonda zolankhulalankhula. Tsiku loyamba amuna ena ku shedi anandipatsa tsache, koma a Saidi anandilanda tsachelo n'kundipatsa sipanala. Anandionetsa mmene njanji ziwiri zimalumikizirana: pamakhala zitsulo zafulati za mabowo anayi, chimodzi mbali iyi china mbali iyo, zomangidwa ndi mabawuti. Ukamanga, umakhoma chizindikiro chako pachitsulopo, kuti chikadzamasuka adziwe womufunsa. Changa ndi timadontho tiwiri toyandikana.

Mwezi wa Juni tinatha milungu itatu pakhota lina kupitirira Luchenza, tikuika zitsulo zatsopano. Pasanathe mwezi, akuba anazimasula. M'mawa wina wa chiperoni tinakwera troli, kangolo kathu koyendera njanji, kupita kukaona mmene ntchito yakhalira. Nkhungu inali tolo, sitinaone kanthu. Njanji inali itasuntha, troli inagubuduka. Ine inandiponyera m'udzu, ndinangosupuka chigongono. A Saidi inawapsinja mwendo. Ndine ndinawamanga ndi lamba wanga kuti magazi asiye, koma kuchipatala anaudulabe m'munsi mwa bondo.

Tsopano ndafika pa nkhani imene ikundinyansa.

Mukudziwa kuti achimwene anu, amalume a Lusiyano, anati za chiliza chanu tiwasiyire iwo. Tinathokoza. Mu Ogasiti tonse tinasonkhana kwathu kwa Changata. Chiliza anamangadi, n'kuzunguliza mpanda wachitsulo wopaka penti wa siliva, wowala mpaka kuthobwa m'maso. Anthu ankangoti, "Koma ndiye mlongo wawo amukonda." Kwaya inaimba. Amalume anaima kutsogolo atavala jekete, akulira, akuti inu munali mayi wosadziwa kutola cha mwini.

Nthawi yoika nkhata itakwana, ndinagwira kachitseko ka mpandawo kuti ndilowe. Dzanja langa linazindikira maso asanaone. Chitsulo chafulati, mabowo anayi. Ndinasisita ndi chala, ndipo pansi pa penti ndinamva timadontho tiwiri. Ndinayang'ana mbali zonse. Zitsulo zisanu ndi zitatu, aziwotcherera mokongoletsa, zonse zomanga ine ndemwe pakhota lija.

Amayi, ndinaponya nkhata ija osagwada n'komwe. Ndinathamangira kuseri kwa mabulugama n'kusanza. Azimayi ankati chisoni chandigwira, ena n'kumanong'onezana kuti mwina ndaima.

Mawa lake masana ndinawapeza amalume pansi pa mpeyala, akudya nyama ya mbuzi yotsala pamwambo. Ndinagwada monga munatiphunzitsira, n'kuwafunsa kumene anatenga zitsulo zija. Sanadzidzimuke n'komwe. Anati, "Iwe, sitima ndi m'bale wako? Ine ndalemekeza amako. Iwe wa ma ovolosiwe unabweretsa chiyani, maluwa?" Anati zina anagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, izi anasankha zooneka bwino. Nditawauza za mwendo wa a Saidi, anangoti ngozi sinunkha, n'kuyamba kutokosa m'mano ndi kamtengo. Mafuta a mbuzi anali nyezinyezi pachibwano. Mpaka lero nyama ya mbuzi sindiidya.

Ndinakumbuka mmene azimayi ena ankawazira madzi masamba a tiyi, kapena kubisa timiyala pansi pa dengu kuti lilemere pa sikelo. Inu munkakana. Munkati, "Dengu lonama limalemera kawiri, pamsana ndi pamtima." Munathyola tiyi zaka zonsezo mpaka zala kupindika, kuti lero akugonekeni mkati mwa zakuba, azipake siliva, aziimbire kwaya.

Sindidzitama, Amayi. Masiku atatu ndinakhala duu. Ndinkaopa kuti kuntchito adzati ndine ndinawalozera amalume pomasula. Ndani akanakhulupirira kuti mwana wa mlongo wawo anamanga, iwo n'kumasula, popanda kupangana? Ndinaganizanso zongoiwala. Penti anali atabisa kale, ndipo palibe wa ku njanji akanabwera kudzasisita mpanda wa kumanda a kwa Changata.

Tsiku lachinayi ndinapita kuchipatala kukawaona a Saidi. Pabedi, pamene panayenera kukhala phazi, bulangete linali phwa. Ndinawauza zonse, maso ali pansi. Kenako anati, "Mwanangu, pakhota paja pamadutsanso sitima ya anthu. Akanakhala ana a sukulu?"

Ndinakanena kwa mabwana a kuntchito. Anandisunga mu ofesi tsiku lonse, akundifunsa mafunso omwewomwewo ngati wakubayo ndine. Bwana wina ankangoti akazi pa njanji ndi mavuto okhaokha, ngati kuti amalume ndi mkazi. Chinandipulumutsa ndi kalata imene a Saidi analembetsa ali chigonere, yondiikira kumbuyo.

Apolisi atafika kumudzi kudzatenga zitsulo, ndinawapempha kuti ndidule ndekha. Sindinafune nsapato za alendo zikupondeni. Ndinagwira sowo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, manja kuchita matuza. Abale anaima patali akuonerera. Akazi awo a amalume analavula pansi, akuti ndafukula mayi anga. Ine ndinangopitiriza kucheka. Ngati phokoso lija linakusokonezani, pepani.

Amalume anamangidwa, koma anatuluka pa belo. Kutchalitchi akadali kukhala benchi ya kutsogolo, ndipo anthu akuwapatsa moni wa manja awiri. Ine ndiye ndasanduka mfiti. Akuti ndagulitsa magazi anga chifukwa cha ntchito ya azungu. Ndikadutsa pachitsime, nkhani imaduka. Palibe ngakhale mmodzi wafunsapo kuti bambo uja wa ku Bvumbwe akuyenda bwanji. Akuyendera ndodo, Amayi, ndipo ku shedi sadzabwereranso. Agnesi yekha ndi amene amanditumizira zithunzi za mwana pa foni, mwamuna wake akachokapo.

Pamanda panu tsopano pali poyera, pangotsala ziputu zinayi za chitsulo m'makona. Sipakuoneka bwino, ndikudziwa. Mvula yoyamba ikagwa ndidzabwera ndi khasu, ndidzazizula, n'kubzala maluwa kuzungulira.

Mlandu ulowa mwezi wamawa, ndipo mboni yoyamba ndine. Chimene chikundiopsa si woweruza ayi. Ndi chakuti amalume ali ndi maso anu enieni, ndipo akandiyang'ana mawu amandithawa. Koma ndikukulonjezani kuti ndikaima, ndikanena zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo sindikawerama.

Ndimakukondani, Amayi. Gonani bwino.

Ndine mwana wanu,
Felista