Zala zikuyaka, adokotala akuti ndi maganizo

Aphungu,

Kodi n'zotheka munthu kumamva ululu tsiku ndi tsiku, chipatala n'kumati ali bwinobwino? Ine ndayamba kudzikayikira ndekha.

Ndimaluka tsitsi mu saluni. Chaka chino dzanja langa lamanja landiukira. Chala chachikulu ndi ziwiri zoyandikana nacho zimachita dzanzi, kenako zimayaka ngati ndagwira mbaula. Ndikaluka mitu iwiri, chipeso chimangopulumuka. Sabata yatha ndinagwetsera chowongolera tsitsi chotentha paphewa pa kasitomala. Eni saluni anandikokera kuseri n'kuti, "Achemwali, anthu amabwera muno kudzakongola, osati kudzaotchedwa. Zikachitikanso mukapumiratu kwanu."

Kuchipatala ndapitapita mpaka mlonda wa pageti amandilonjera ngati m'bale wake. Ndikafuna kupita, dzulo lake sindigwira ntchito kuti dzanja lipume, ndipo ndimavala bwino kuti ndisakanyozeke. Akandifunsa ndimayankha mwaulemu kuti, "Likupweteka pang'ono, adokotala." Anandijambula, akuti mafupa ali bwino. Dokotala wina, maso ali pa kompyuta, anati, "Mayi, amenewo ndi maganizo. Kunyumba kuli mtendere?" Ndinangothokoza n'kulandira panado. Panado! Ndikanafuna panado si ndikanangogula pagolosale?

Pano amuna anga nawo alowa m'kwaya yomweyo. Akuti, "Dokotala wati ulibe kanthu, ndiye iwe sukulu yako yaposa yake?" Apongozi akuti ndi ulesi wovala bandeji. Nditani ntchito isanandithere?

E.N., woluka tsitsi

Achemwali,

Lekani kudzikayikira. Ululu wanuwo ndi weniweni, ndipo kalata yanu yandikwiyitsa. Chithunzi munajambulidwacho chimaonetsa mafupa, sichionetsa mitsempha imene imanyamula uthenga kuchokera ku zala kupita ku ubongo. Magetsi akazima m'nyumba, wina n'kugogoda makoma n'kukuuzani kuti ndi olimba, sananame, koma waya wopsa uja sanamuone. Dokotala amene anathamangira ku "maganizo" asanagwire n'komwe dzanja lanu sanakuchitireni bwino.

Koma nanunso ndikudzudzuleniko. Mumapumitsa dzanja, mumatchena ngati mukupita kuukwati, n'kukanena kuti "pang'ono". Matenda mumawasiya kunyumba, kuchipatala mumapititsa ulemu. Dokotala amene panja pakumudikira mzere wautali amalemba zimene waona ndi kumva. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achemwali.

Ulendo uno mupite mutachoka kuntchito, dzanja likadali moto. Mawu oti "pang'ono" muwasiye pageti kwa mlonda uja. Lozani zala zitatuzo, nenani kuti zimayaka ndi kuchita dzanzi, kuti mwaotcha kasitomala ndipo ntchito ili m'madzi. Kenako funsani kuti, "Ngati si mafupa, chingakhale chiyani, ndipo tiyeza bwanji?" Funso limeneli si mwano.

Ine sindingakuyezeni m'kalata, koma dziwani kuti zoyambitsa zilipo zingapo. Mtsempha umatha kupanikizika pamfundo ya dzanja kwa anthu amene zala zawo zimabwereza ntchito imodzi tsiku lonse, ngati inu. Nthawi zina vuto limayambira m'khosi, kapena ndi shuga, kuchepa kwa mavitamini ena, ngakhale mankhwala amene munthu akumwa kale. Pemphani akuyezeni magazi, ndipo akalephera kupeza akutumizeni kwa wodziwa za mitsempha. Bambo a kunyumbawo muwatenge, akamve ndi makutu awo. Eni saluni apempheni kuti zotentha azigwira anzanu kaye, inu muziluka mopumira.

Chenjezo langa ndi ili: musamangomeza mapiritsi a ululu ngati maswiti, ndipo mankhwala amene munapatsidwa pa matenda ena musasiye panokha. Dzanja likayamba kufooka, mnofu wa pansi pa chala chachikulu ukamaphwa, kapena dzanzi likakana kuchoka, thamangirani kuchipatala, musadikire tsiku la tchuthi.

Pomaliza, tayesani ichi. M'chikwama muikemo chipeso ndi katsitsi kolukira. Adokotala akadzati sakuona vuto, mudzapemphe mwaulemu wanu womwewo kuti akuonereni mukuluka. Chipeso chikadzagwa pansi pa tebulo lawo, sadzafunsanso za mtendere wa kunyumba.

Aphungu