Madzi a Rediyeta Awotcha Alamu

Limbe, 14 Novembala 2011

Okondedwa achemwali anga a Emelda,

Muli bwanji kumeneko ku Limbuli? Nanga chifuwa cha amayi chinalekako? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndalemba chifukwa cha amuna anu, alamu anga a Winston. Ali moyo, musagwe nayo kalatayi. Koma agonekedwa kuchipatala chachikulu kuno.

Minibasi imene amayendetsa ija inayamba kudontha madzi pa rediyeta, chija chimaziziritsa injini. Ataibweretsa kugalaja kwathu, ndinauza mwini wake kuti tiichotse rediyetayo tikaiwotcherere. Iwo anati galimoto singagone pamene anthu ali mbwee pa siteji, ndingothiramo mankhwala a m'kabotolo omata podontha. Ndinathira. Kudontha kunalekadi, ndipo alamu ananyamuka akundiseka kuti ndine sing'anga.

Mankhwalawo anamata pobooka, koma anatsekanso timipaipi ta m'kati moyenda madzi. Lachinayi, akukwera mtunda wa ku Thyolo, injini inatentha mpaka kufuka. Apaulendo anayamba kulalata kuti achedwa. Alamu, posafuna kuwakhumudwitsa, sanadikire kuti izizire. Anatsegula chitsekerero, madzi owira n'kuwathovukira kumaso, pakhosi ndi dzanja lamanja.

Dzanja likupola. Maso ndiwo adakali omanga ndi bandeji, ndipo adokotala akuti za diso lamanzere sangalonjeze kanthu. Mwini galimoto anabwera kamodzi, anafunsa za makiyi, basi. Pano walemba kale dalaivala wina.

Alamu anandiletsa kukuuzani. Akuti muli ndi pakati, ndiponso ino ndi nthawi yobzala, munda ungagone. Koma chakudya akungochitembenuza. Dzulo anandifunsa ngati mwana wanu Millie angawazindikire ndi nkhope imeneyi. Ine ndinangowakonzera pilo.

Pempho langa ndi limodzi: bwerani. Millie mumusiye kwa azakhali ku Milonde, munda aulima amalume. Ine ndimawadikirira ndikaweruka, koma dzina limene amaitana akamva phazi pakhomo si langa. Mukatsika pa depoti ya Limbe mufunse galaja ya kuseri kwa msika, mundipeza. Amayi muwauze pang'onopang'ono.

Moni kwa amayi, amalume, azakhali ndi alongo athu onse. Millie mumuuze kuti abambo ake akumufunsa tsiku lililonse.

Mukamabwera musavale nkhope yachisoni. Alamu sakuona, koma mawu akumva bwino kwambiri.

Ndine mlongo wanu,
Pilato