Cholembera Chofiira Chinalekera pa Tsamba 41

Lolemba, 7 Okutobala

Ndatsegula ofesi 8 koloko. Fumbi pa makatoni a mabuku a nyimbo. Tsiku lonse wogula mmodzi, foni yalira kamodzi, naye wolakwitsa nambala.

Kalata yopita kwa owerenga athu ndalembapo mzere umodzi: buku latsopano, mapemphero a odwala, lituluka mwezi uno. Kulonjeza n'kosavuta. Kosindikizira akufuna mapepala Lachisanu, apo ayi makina agwira za makalendala mpaka Januwale. Anamwino, eni ake bukuli, Januwale sadzamuona. Ana awo anandiuza pakhomo, motsitsa mawu.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Vuto ndi kuwerenga komaliza. Zaka 19, buku silinatulukepo muno tisanaliwerenge awiri: ine mokweza pa zotayipa, amuna anga chala pa zolemba pamanja za mwini buku. Ndikathamanga, iwo ankati: "Mayi, mwadumpha mzere." Ndinkapsa mtima, ngati ndine mwana wa sukulu!

Cholembera chawo chofiira chinalekera pa tsamba 41. Miyezi isanu tsopano chiwaikire m'manda. Ndayesa ndekha, diso uku, diso uku, mutu waa. Mawu anga m'chipinda chopanda munthu, mpaka manyazi andigwira. Ndawasowa. Ndawasowa koopsa.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndaimbira mwana wanga. "Amayi, kompyuta imagwira yokha zolakwika, ingotumizani." Kompyutayo idziwa bwanji pemphero limene palibe? Anali m'basi. Mphindi zitatu basi.

Abusa analonjeza kudzandithandiza 2 koloko. Tiyi ndinathira makapu awiri. Ndamwa onse.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndanyamula fayilo kupita kuchipatala, kukapepesa kuti chaka chino buku silituluka. Anamwino atha thupi, mkono ngati kamtengo. Zaka 30 akutembenuza odwala m'wodi yomweyo, lero ndiwo agona bedi la pazenera. Ndisanatsegule pakamwa: "Mwabwera nalo? Werengani." Ndati palibe wotsata zolemba zanu. "Aa, nanga ine ndafa kale?"

Maso awo saonanso zilembo, koma mapempherowo anawanena zaka zonsezo pambali pa mabedi, ali pamtima. Ndayambira pa 41. Iwo maso tsinzinu, milomo ikuyenda nane. Mayi wa bedi loyandikana wazimitsa wailesi.

Tsamba 58, pemphero la wodikirira matenda. Limeneli ndathamanga dala, sindinkafuna kulimva. Kadzanja ka Anamwino pa mkono wanga.

"Mayi, mwadumpha mzere."

Ndalira ngati mwana, pamaso pa wodi yonse. Misozi itaphwa ndayang'ana. Zoonadi. M'zolemba zawo mzere ulimo, m'zotayipa zanga mulibe. Tsambalo ndinatayipa sabata imene amuna anga anagonekedwa m'chipatala. Mzere wake: Ambuye, khalani ndi amene abwerere kunyumba yekha.

Tamaliza 5 koloko, iwo akupuma mobanika, ine mawu atasasa.

Lachisanu, 11 Okutobala

Mzere ndaubwezera. Mapepala ndapereka 10 koloko. Wa makina akuti masabata awiri, ndamuchonderera, akuti masabata awiri basi, guluu naye amafuna nthawi.

Ndadzera kuchipatala kukawauza Anamwino. Amwetulira. "Ndiyesetsa, mayi."

Ndabwerera ku ofesi. Mpando wachiwiri ndaupukuta fumbi, sindikudziwa chifukwa chake. Cholembera chija inki ikadalimo.

Masabata awiri, Ambuye. Awiri okha.