Mumasuleni Fyness ku lamulo la drafuti

Zemba,
Chadiza.

Okondedwa achimwene a Trywell,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndi alamu ku Kitweko. Kuno tilipo, kupatula bondo la bambo a Fyness limene likuwavutabe. Nshawa takumba, zikuuma pabwalo.

Foni ija munatumizira Fyness inafika, ndipo tathokoza. Koma achimwene, kachinthu kameneka kanatsala pang'ono kutipasulira mwana.

Paja mukudziwa kuti anapambana chesi ya masukulu ku boma, ndipo ndi iye woti akaimire Chadiza ku Chipata Loweruka la sabata la mawa. Foni itangofika, analowetsamo masewera ake onse kuti kompyuta ya m'katimo iwayese. Ine ndimati imuyamikira. Ayi ndithu! Ngakhale masewera amene anawina anatuluka mawangamawanga, apa chofiira, apo chachikasu, ngati kope lochongedwa ndi mphunzitsi wolusa.

Mwana analira mpaka kukana chakudya. Akuti ku boma anangochita mwayi, akuti ku Chipata akatichititsa manyazi, bola kupite wina.

Zinandipweteka, ndipo ndinapsa mtima. Ine chesi sindiidziwa, koma mwana wanga ndimamudziwa. Ndinamanga foni pachitenje, n'kumukweza pa njinga mpaka kwa aphunzitsi ake, madamu Vivian.

Madamu anayamba aseka kaye. Anati makina amenewa amasewera kuposa munthu wina aliyense, ndiye kwa iwo tonsefe ndife olakwa. Anati zofiira ndi zolakwa zazikulu, zachikasu ndi zazing'ono, ndipo wongoyamba kumene asataye mtima ndi zachikasuzo, chifukwa posankha nshawa timataya zowola, osati zazing'ono. Kenako anationetsa mzere wa m'mbali umene umakwera ndi kutsika, kusonyeza amene zikumuyendera. Anati tifunefune pamene mzerewo wagwa mwadzidzidzi, ndipo pamenepo Fyness aphimbe foni, aganize yekha chimene akanachita, kenako aone yankho.

Tinakhala pakhonde la sukulu kuyang'ana masewerawo limodzi ndi limodzi. Ndiye mverani izi. Pafupifupi paliponse pamene mzere unagwa, Fyness anali atangodya kumene. Mnzake akamuikira msilikali pakamwa, iye n'kumeza, osaona kuti kuseri kuli msampha wogwira mfumukazi yake.

Madamu anamufunsa chifukwa chimene sanamusiyire msilikaliyo. Anayankha atazolika kuti amalume ake anamuuza kuti wokana kudya ndi wakuba.

Mwakumbukira, achimwene? Drafuti ija ya zotsekera mabotolo pansi pa mango, iye ali kamwana kosavala nsapato. Akalumpha kudya, inu mumamulanda chotsekera chake n'kumuuza mawu amenewo, kuseka kuli pakamwa. Inu mumacheza, iye amasunga.

Mu drafuti kudya ndi lamulo, inde. Mu chesi munthu amasankha. Fyness zimenezi akuzidziwa bwino m'mutu, koma dzanja lake limamvera inu.

Madamu amuuza, ine ndamuuza, bambo ake nawonso ayesa. Amavomera bwinobwino, koma akangokhala pa bolodi, dzanja lija lapita kale. Dzulo anandiuza kuti akasiya kudya msilikali, amamva ngati wanyoza malume ake. Kodi ndimutsutse bwanji? Tinamulera tokha kuti mwini mbumba ndinu, ndipo mawu a malume safufutidwa ndi foni.

Tsono pempho langa ndi ili. Imbani Lamlungu tikaweruka mapemphero, tidzakhala titaima pachulu cha kuseri kwa tchalitchi pamene netiweki imagwira. Musataye nthawi kumuuza kuti ndi wanzeru, zimenezo wamva zambiri ndipo sakuzikhulupirira. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti lamulo lija linali la drafuti, ndipo mwalichotsa.

Ku Chipata apita, zimenezo ndatsimikiza. Madamu ndawauza kuti asayerekeze kusankha wina, ndipo minibasi ndikwera naye ndekha, nshawa zidikire. Akakumana ndi womuposa n'kuluza, tibwerera mutu uli m'mwamba. Chimene sindingapirire n'choti mwana wanga aluze chifukwa cha ulemu.

Mulungu akusungeni ku mgodiko. Mundiperekere moni kwa alamu, ndiponso kwa ana anu Jason ndi Mwayi, muwauze kuti nshawa zawo ndawapatulira.

Munamanga ndinu, achimwene. Masulani.

Ndine mlongo wanu,
Ebelesi