Chitseko chanu cha azulu

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Rozariya. Lero akwana masiku mazana anayi ndi khumi ndi limodzi chikuikireni m'manda ku Chidzolomondo, ndipo sindinapondekonso. M'njira anakwiriramo mabomba. Tili ku Furancungo, anthu asanu ndi anayi m'chipinda chimodzi kuseri kwa eskola imene ndinkaphunzitsa. Pa kamunda kobwereka takolola madengu atatu a chimanga. Kwathu tinkakolola makumi awiri ndi awiri. Mdzukulu wanu Ineji wabereka mwana wamkazi. Mbuzi zonse zisanu ndi ziwiri zinapita ndi amfuti, ndipo nyumba yanu anaitentha.

Nkhani yanga ndi ya nyumbayo. Mwana wanu Alufeyo chifuwa chamutha. Macheka sangagwirenso, ndiye wakhala akumanganso nyumba yanu ndi timatabwa ta bokosi la sopo, yaing'ono yokwana m'lichero, kuti ana obadwira kuno adzaidziwe. Khonde lilipo, majanela awiri, mawindo aja, alipo, ngakhale msomali umene munkapachikapo kolona yanu. Chinatsala n'chitseko, chija cha mtundu wa azulu, wa buluu uja.

Ku eskola ndinapeza kachitini ka tinta ya azulu, penti yosungunula ndi madzi, katatsala pang'ono kuuma. Alufeyo anakana kupaka ndi nthenga, akuti imasiya mizere. Analumikiza timachubu tiwiri ta kaneta yolembera: kachubu kamodzi amakaviika mu tinta, kena amakauzira ndi pakamwa, tinta n'kutuluka ngati nkhungu. Koma ikakhala ngati phala sikwera. Kusungunula inali ntchito yanga. Ndinayesa papepala n'kulemba: supuni imodzi ya tinta, madontho khumi ndi awiri a madzi, kusefa pakansalu. Pamenepo azulu amatuluka weniweni, koma pamafunika mpweya wambiri. Atauzira kanayi anatsokomola magazi.

Munkakonda kundiseka kuti, "Rozariya, iwe ungawerenge ndi mvula yomwe." Amayi, m'mawa mwake ndinawerenga monama. Ndinathira madontho makumi atatu, n'kumuuza kuti ndi khumi ndi awiri. Anauzira mopepuka, osatsokomola. Chitseko chitauma chinatuluka chotuwa ngati thambo la m'chilimwe, tinta itatheratu. Ndinaona kuti ndamuwonongera ntchito yake yomaliza.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Alongo, mwandinamiza, aprofesora abodza inu. Koma chitseko cha amayi chinali chonchi. Atate anachipaka kamodzi kokha, dzuwa n'kuchidya zaka zonsezi." Ine ndinkakumbukira chitseko cha tili ana. Iye ankakumbukira chimene tinadutsapo titakunyamulani kupita kumanda.

Kuyambira Lamulungu Alufeyo sakudzuka pamphasa. Kuchipatala akuti mankhwala kulibe. Masiku awiri ndinkawerenga mpweya wake, kenako ndinaona kuti ukucheperachepera, ndiye ndasiya. Akafika kumeneko musamukalipire kuti waonda. Tinayesetsa kumudyetsa, chakudya chinkamukana.

Kanyumbako ndakaika m'lichero, ndakafunditsa nsalu yanu yakuda. Njira ikadzatseguka ndidzakasenza ndekha mpaka pabwinja lathu, mwana wa Ineji ali kumbuyo, kuti ndidzamuonetse pamene chitseko chinaima. Ndikadzalephera ine, Ineji ndamuuza kale njira.

Ndimakukondani monga kale, amayi.

Mwana wanu woyamba,
Rozariya