Mwana wa M'chigafa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mitundu tili moyo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Ndikulemba nkhope ili pansi. Lachiwiri kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, amene amaphunzitsa aphunzitsi a ana osamva. Akuyenda m'midzi kufufuza ana otere. Nditangoona galimoto, ndinachita zomwe ndimachita kukabwera alendo: ndinamukankhira Esinati, mwana wanga wosamva uja, m'chigafa cha fodya.

"Muli ndi ana angati, mayi?" anandifunsa atatsegula buku lawo.

"Atatu," ndinayankha, osaphethira n'komwe.

Tili mkati mocheza, Esinati anatulukira akupirikitsa nkhuku. Mlendoyo sanandidzudzule. Anangogwada pafumbi ndi chovala chawo chabwinocho, n'kuloza nkhuku, n'kukupiza zigongono. Achimwene, mwana uja anaseka mpaka misozi, n'kuyamba kuwayankha ndi manja! Anacheza nthawi yaitali, ine mayi wake ndili chilili ngati mlendo. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuuza anthu kuti mutu wake sugwira, chonsecho sindinayesepo kumufunsa kanthu.

Ponyamuka anandiuza motsitsa mawu kuti, "Ndalemba anayi." Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Akuti kuli sukulu yogonera komweko imene ingamulandire. Mwini mbumba ndinu, sindingamutumize popanda mawu anu. Chonde yankhani mvula isanagwe, ndipo musakane. Tamubisa mokwanira.

Mulungu akutetezeni mumgodimo.

Ndine mlongo wanu,
Nabanda, mayi wa ana anayi